Pepala Lopanda Choko

Tsiku limene Bwana wa kampani ya zikwama anakwatira mtsikana wojambula, makina onse m'fakitale anakhala chete kuyambira m'mawa mpaka madzulo, chinthu chimene sichinachitike ngakhale pa maliro a bambo ake. Osoka anavula maepuloni, odula zikopa anakwecha zikhadabo mpaka utoto wonse unachoka, ndipo anavina mpaka ena kubwerera kwawo nsapato zili m'manja. Mkwati anali atapitirira zaka makumi anayi, munthu wofatsa mpaka kutopetsa, wa mtundu uja woti mukamuponda phazi amapepesa ndiye. Mkwatibwi anali asanakwanitse zaka makumi atatu, wa maso akuthwa ndi pakamwa posachedwa kuyankha, ndipo anali atangolembedwa ntchito yojambula zikwama zatsopano pakampanipo. Kuyambira tsiku limenelo antchito anayamba kumutchula kuti Madamu.

Chaka choyamba chinali chokoma, tisaname. M'mawa ankapitira limodzi kuntchito, masana Bwana ankakwera masitepe kupita kuchipinda chojambulira atanyamula makapu awiri a tiyi, nkukhala pampando wa pakona kumangoyang'ana mkazi wake akuyendetsa pensulo. Madamu akati, "Mukundisokonezatu inu," iye ankayankha kuti, "Ndikulondera katundu wa kampani," onse nkuphulika kuseka. Zikwama za kampaniyo sizinali zonyamuliramo tomato ayi. Zinali za amayi aja ochita kuwatsegulira chitseko cha galimoto, ndipo Madamu ankalota tsiku limene mayi wotereyu adzakoloweke chikwama paphewa nkunena kuti chinachokera m'mutu mwa mkazi wa Bwana. Sankafuna zambiri, chikwama chimodzi chokha chodziwika kuti nchake.

Koma pakampanipo panali munthu wina amene anasiya kubwera kuntchito koma osachokapo. Anthu ankawatchula kuti Anachoko, chifukwa kwa zaka makumi awiri ankayenda atapanika choko chobiriwira kukhutu. Mayi amenewa ndi amene anajambula zikwama zonse zimene zinatchukitsa kampaniyo. Chikwama chawo ukachiika patebulo chinkaima chokha, lamba wake sankatsetsereka paphewa, ndipo m'kati kumanzere munkakhala kathumba ka makiyi kuti munthu asamachite kukhuthula katundu yense pakhomo. Anapuma ntchito miyezi ingapo ukwati usanachitike, ati mawondo sakulolanso masitepe. Chithunzi chawo chinatsala pakhoma m'sitolo, ndipo osoka akamatsutsana, mkangano unkatha wina akangonena kuti, "Anachoko sankatero."

Poyamba Madamu ankangoziseka. Kuseka kunayamba kuchepa chikwama chake choyamba chitatuluka m'fakitale. Anachitembenuza uku ndi uku, nkukwinya nkhope. Lamba anali wofupikirapo ndi chala chimodzi kuposa mmene anajambulira, ndipo kachitsulo kotsekera kanali katatsika pang'ono. Anatsika nacho kukafunsa akapitawo, mdala wa magalasi ochindikala amene ankayang'anira odula zikopa.

"Akapitawo, lamba ameneyu ndinajambula chonchi ine?"

"Chikopa chimatero, Madamu," anayankha akapitawo osadzutsa mutu. "Chimatambasuka, chimakhwinyata. Si pepala."

"Ndiye kachitsulonso kamakhwinyata? Tandipatsani pepala langa ndione."

"Mapepala amasunga a Bwana."

Bwana atafunsidwa anati mapepala amasunga akapitawo. Chikwama chachiwiri chinatuluka chimodzimodzi, chachitatunso. Nthawi zonse panali kanthu kakang'ono kosinthidwa, kochepa koti ukadandaula anthu nkumakuona ngati wovuta. Ndipo chowawa kwambiri chinali chakuti zikwamazo zinkagulidwa ngati zaulere. Mtolankhani wina anabwera, anajambula zithunzi, anamwa tiyi ndi Madamu maola awiri, kenako nkukalemba kuti ngakhale mwini wake anapuma, dzanja la Anachoko likuonekabe m'chikwama chilichonse cha kampaniyo. Dzina la Madamu linali m'mzere womaliza, pamodzi ndi nthawi yotsegulira sitolo.

"Ndimajambula ndine, kutamidwa kwa wina!" anatero Madamu akuponya nyuzipepala patebulo pa mwamuna wake. "Kodi ine ndinalembedwa ntchito yopukuta chithunzi cha mayi aja?"

"Anthu amachedwa kuzolowera, akazanga. Pezani mtima."

"Mtima ndiupeza kuti? Inunso mukakhala chete chonchi ndiye mukuvomereza."

Bwana anapinda nyuzipepala bwinobwino nkuiika mudirowa. Ankaganiza kuti akabisa pepala wabisa nkhani. Amuna ena amatero, amaona ngati kukhala chete nkumusamala mkazi, osadziwa kuti mkazi akasowa yankho kunyumba amakalipeza kwa anthu ena, ndipo anthu enawo sasankha mawu.

Munthu wina wotereyu anali pafupi pomwepo. Mlongo wake wa Bwana ndi amene ankayendetsa sitolo ya kampaniyo, mayi wodziwa kumwetulira makasitomala ndi kuwanena akangotuluka. Mlamu wakeyu sanamukondepo Madamu, koma nkhani ankamuuza ngati mnzake wapamtima. Tsiku lina akukonza zikwama pashelefu anafunsa ngati akungocheza.

"Alamu, Lachinayi masana achimwene amakhala ali kuti?"

"Kwa ogulitsa zikopa. Bwanji?"

"Ehe? Ndiye kuti ogulitsa zikopa anasamukira kunyumba zosanjikizana zija kuseri kwa famase yogulitsa mankhwala ija? Chifukwa galimoto ndimaiona kumeneko."

Madamu anaima chikwama chili m'manja. Ankadziwa bwinobwino amene ankakhala kunyumba zimenezo.

"Ine sindinanene kanthutu," anapitiriza mlamu akupukuta fumbi pomwe panalibe fumbi. "Kungoti awiri aja zaka makumi awiri akutsekerana muofesi. Mayi aja amaoneka aakulu chifukwa cha ulemu umene timawapatsa, koma amaposa achimwene ndi zaka zisanu zokha, ndipo sanakwatiwepo. Nanga inu mumakhulupirira za mawondo? Mawondo anayamba kuwawa sabata imene inu munalowa pakhomo pano."

Mawu amenewa anamukhala m'khutu Madamu ngati madzi a posamba. Lachinayi lotsatira anadikira mwamuna wake pabalaza. Bwana atalowa, anamulandira jekete ngati mkazi waulemu, nkuiyang'ana pawindo. Pamkono wakumanja panali fumbi lobiriwira.

"Zikopa zinali bwanji lero?"

"Zabwino. Zakwera mtengo pang'ono."

"Ogulitsa zikopa ayamba kulemba ndi choko chobiriwira?"

Bwana anayang'ana jekete, anayang'ana pansi. Apa ndi pamene akananena zonse, nkhani nkuthera pa misozi ya tsiku limodzi. Koma anasankha bodza lina kuti lichirikize loyamba lija.

"Ndinangodutsako kukawazonda. Sakupeza bwino."

"Lachinayi lililonse? Mwakhala dokotala liti inu? Ndiuzeni zoona, bambo, mayi aja ndi ndani wanu?"

"Ndi munthu amene anamanga kampaniyi. Palibe china."

"Ndiye mumabisiranji?"

"Chifukwa ndimadziwa kuti mupsa mtima ngati mmene mwapseramu."

"Musandisandutse wamisala m'nyumba mwanga! Mumanama ndinu, wolakwa ndikhale ine?"

Bwana anatenga jekete yake nkukaipachika, ndipo chakudya cha tsiku limenelo chinabwerera kukhitchini osachikhudza.

Kuyambira pamenepo Madamu mutu sunagwirenso. Akakhala pa tebulo lojambulira, pensulo inkangozungulira pamalo amodzi. Akatsika m'fakitale osoka nkusiya kulankhula, ankati akunena iye, ndipo nthawi zambiri sankalakwitsa. Nsanje ili ndi khalidwe loipa lakuti imamupatsa munthu maso ambiri koma imamulanda makutu, amaona chilichonse koma samvanso chimene akuuzidwa. Tsiku lina masana, odula zikopa atapita kukadya, Madamu anatenga sikuludiraiva nkuthyola dirowa ya akapitawo. Ankafuna mapepala ake basi, ndipo anawapeza onse, atasanjidwa bwinobwino.

Panalibe pepala ngakhale limodzi loyera. Pa lililonse panali mizere yobiriwira. Apa lamba wadulidwa, apa kachitsulo katsitsidwa, apa ngodya yakuthwa yazunguliridwa, ndipo pakona yakumunsi pa pepala lililonse panali dontho limodzi la choko, lodindidwa ndi chala. Anakhala pa mpando wa akapitawo. Ndi mmene mwini mpandoyo anamupezera atabwerako kodya.

"Nchiyani ichi, akapitawo?"

Mdalayo anavula magalasi nkuwapukuta pa epuloni nthawi yaitali. "Madamu, pepala mukalakwitsa mumafufuta. Chikopa mpeni ukalowa subwerera. Pano sitidula chikopa popanda dontho limenelo. Ndi mmene tinaphunzirira ntchito kuyambira nthawi ya malemu bambo awo a Bwana."

"Koma mayiwo anapuma!"

"Anapuma ndi mawondo, maso sanapume. Inu mutangobwera, a Bwana anatiuza kuti tizidula popanda dontho. Tonse tinaika mipeni pansi, kuyambira ineyo. Ndiye anayamba kumatenga mapepala anu Lachinayi, kukawaonetsa, nkubwera nawo Lachisanu m'mawa. Anatipempha kuti tisakuuzeni, ati mungakhumudwe."

"Ndiye fakitale yonse imadziwa? Osoka, osesa, alonda, onse amadziwa kuti ntchito yanga imakachongedwa ngati ya mwana wa sukulu?"

Akapitawo anavalanso magalasi. "Zikwamazo zimatuluka zabwino, Madamu."

Akanangomumenya mbama zikanakhalako bwino. Madamu anakwera masitepe mapepala ali m'manja, anakankha chitseko cha ofesi ya Bwana osagogoda, nkuwamwaza patebulo.

"Zaka ziwiri! Zaka ziwiri mukundimwetsa tiyi, mukundiyamikira, Lachinayi nkumakandiseketsa kwa chibwenzi chanu!"

"Si chibwenzi changa. Mulungu akuona, sindinawagwirepo ngakhale dzanja."

"Mukanawagwira dzanja bwenzi zilikonso bwino! Mumawapatsa mutu wanga kuti aziukonza. Mumakhala pampando wawo awiriwiri nkumaloza pamene ndalakwitsa, eti? Mumaseka?"

"Palibe amene amakusekani. Ndimafuna kuti ntchito iyende, inunso musapwetekedwe."

"Ndiye mwandisamala bwino kwambiri, zikomo. Taonani mmene ndanenepera ndi chisamaliro chanu."

Analira tsiku limenelo mpaka mawu kutha, ndipo Bwana anagwada pa kapeti ya muofesi mwake nkulumbira kuti sadzapondanso kunyumba zosanjikizana zija. Madamu sanadziwe ngati amukhulupirire pa za chibwenzi. Nthawi zina ankati zoona, nthawi zina mawu a mlamu wake ankabweranso, ndipo zinthu ziwirizi zinasakanikirana mumtima mwake mpaka sankathanso kusiyanitsa chimene chikumuwawa, mwamuna kapena ntchito. Chimene ankadziwa nchakuti zonse ziwiri anazipeza zili kale m'manja mwa mkazi mmodzi yemweyo.

Anadzitsekera m'chipinda chojambulira miyezi itatu. Anang'amba mapepala odzaza dengu tsiku lililonse. Anayenda mumsewu kuyang'ana mmene amayi amanyamulira zikwama akamakwera basi, akamatsegula ambulera, akamasaka foni ikulira. Anasoka yekha chikwama choyesera cha nsalu yolimba, nkumachikoloweka paphewa, kuchiphwasula, kuchisokanso, mpaka zala zinatuluka matuza. Mapeto ake chinatuluka chikwama chimene sichinkafanana ndi chilichonse cha pashelefu. Chinali chopanda kachitsulo nkomwe, pakamwa pake pankadzitseka pokha munthu akachinyamula, ndipo lamba wake ankachokera pansi penipeni kuzungulira thupi lonse la chikwama. Anachiika patebulo pa mwamuna wake pamodzi ndi pepala lake.

"Ichi chipite kwa akapitawo chonchi. Lachinayi masana ndidzakhala pomwepo mpeni ukamalowa m'chikopa. Mukachipititsa kwa mayi aja, ukwati watha. Mwandimva?"

"Ndamva."

"Lumbirani."

Bwana analumbira. Koma Lachitatu akapitawo anayang'ana pepalalo, anayang'ana pakona yakumunsi, nkulibweza. Anati chikopa chimene Madamu wasankha nchosowa, chilipo chimodzi chokha m'nyumba yosungira, ndipo chikwama chopanda kachitsulo iwo sanachionepo chibadwire. Anati Bwana ngati akufuna awachotse ntchito, koma dzanja lawo silidula. Odula ena onse anaima kumbuyo kwawo, manja m'matumba. Munthu wolimba mtima akanatenga mpeni yekha, kapena akanakwera kukamuuza mkazi wake kuti zavuta. Bwana anawerengera kuti akathamanga Lachinayi m'mawa, pofika masana adzakhala atabwerako ndi dontho, ndipo pepalalo lidzakhala m'manja mwa akapitawo Madamu osaliona pakona. Kufatsa kwina nkuopa chabe, ndipo kumapweteketsa anthu kuposa ukali.

Lachinayi Madamu sanadikire masana. Mtima unali m'mwamba, ndiye anatsika nthawi ya teni, atavala epuloni, kampeni kake kodulira zikopa kali m'thumba, kuti mzere woyamba adule yekha. Anapeza chikopa chili chikulungire, odula akunola mipeni, osoka atawerama kwambiri pa makina awo.

"Pepala langa lili kuti?"

Odula anapitiriza kunola mipeni.

"Akapitawo, ndikufunsa inu. Pepala langa ndi chikwama changa choyesera zili kuti?"

"A Bwana atuluka nazo pang'ono," anatero mdalayo chapansipansi. "Abwera posachedwa."

Madamu sanakuwe, sanalire. Anatuluka pageti epuloni ili m'thupi, anaimitsa takisi nkuuza woyendetsa kumene akupita. Galimoto ya mwamuna wake anaipeza kuseri kwa famase, pansi pa mtengo. Nyumba ya Anachoko inali yapansi, chifukwa za mawondo zija zinali zoona. Chitseko chinali chotsegula pang'ono kuti mphepo izilowa, ndipo asanafike pakhomo anamva kuseka.

Anachoko anali ndi kagwiridwe kawo ka ntchito kamene aliyense m'fakitale ankakadziwa, kupatula Madamu amene sanagwirepo nawo ntchito. Chikwama sankachiweruza patebulo. Ankachikoloweka paphewa nkuyenda nacho, wina ali kumbuyo atagwira lamba ndi zala ziwiri kuti amve ngati akutsetsereka. Ndiye chimene Madamu anaona atakankha chitseko ndi ichi: mayi wa imvi zochepa, wowongoka bwino, atakoloweka chikwama chimene iye anasoka ndi zala zamatuza, ndipo mwamuna wake ali kumbuyo kwawo, dzanja lili paphewa pawo, onse awiri akuseka mpaka misozi.

Bwana anachotsa dzanja ngati wagwira mbaula. Anachoko sanadzidzimuke. Anatembenuka akumwetulirabe, nkutambasula manja.

"Aa, mwafika nthawi yabwino, mwananga. Khalani pansi ndikuuzeni za chikwama chanuchi."

"Mundiuze? Inu mundiuze za chikwama changa?"

"Akazanga, dikirani mumve kaye," anatero Bwana akuyandikira.

"Ndamva zaka ziwiri! Vulani chikwama changa! Mwamuna mwatenga, fakitale mwatenga, ichinso?"

Anagwira lamba nkukoka. Lambayo sanatsetsereke, anakola paphewa, ndipo Anachoko anadzandira kugwera kwa iye akuti, "Pang'onopang'ono, mung'amba." Madamu anadzanena pambuyo pake kuti ankafuna kudula lamba basi. Mwina nzoona, mwina ayi, ndipo mwina iye mwini sadziwa. Kampeni kanatuluka m'thumba la epuloni, dzanja linakwera ndi mkwiyo wonse wa zaka ziwiri, ndipo sikanagwere pa lamba. Kanalowa m'mbali mwa khosi. Anachoko anakhala pansi pang'onopang'ono ngati munthu wotopa, atagwira pakhosi, akuyang'ana Madamu modabwa. Bwana anavula malaya kutseka bala akukuwa kuti anthu athandize, koma pamene galimoto ya famase inkafika nawo kuchipatala anali atatsamira kale mkono. Apolisi anamupeza Madamu ataima pamalo omwe aja, kampeni kali pansi pafupi ndi phazi lake.

Mlandu unakhala miyezi isanu ndi iwiri usanalowe m'khoti. Tsiku lozenga, mabenchi anadzaza ndi osoka ndi odula zikopa, ndipo mlamu anakhala kutsogolo atavala zakuda, akupukuta maso ndi mpango ngati lilime lake silinagwirepo ntchito pa nkhaniyi. Loya wa Madamu anati mayiyu sanakonzekere kupha, mpeni unali wa ntchito, ndipo anachita zimenezi mutu utaima. Loya wa boma anati munthu wokwera takisi mpeni uli m'thumba amakhala ndi nthawi yokwanira kuganiza. Madamu anamvetsera zonsezi nkhope ili gwa. Mumtima ankati wachimwa, inde, koma anamuputa. Mpaka tsiku limenelo ankadziona ngati munthu amene analandidwa.

Kenako anaitana Bwana. Anali ataonda, kolala ya malaya ikuchita kulendewera. Loya wa boma anamupatsa pepala lalikulu limene apolisi anatola patebulo pa malemu.

"Mukulidziwa pepala ili?"

"Ndi la chikwama cha akazanga."

"Auzeni a khoti zimene malemu analembapo."

Bwana analitembenuza kuti woweruza aone. "Sanalembepo kanthu."

"Chifukwa chiyani? Nthawi inawachepera?"

"Ayi. Analiyang'ana pafupifupi ola lathunthu. Anatenga choko kawiri, nkuchibwezera kukhutu. Kenako anakoloweka chikwama choyesera, anayenda nacho, nkundiuza kuti, palibe chokonza apa. Ndinawapempha kuti angoika dontho kuti akapitawo adule. Anakana. Anati dontho lawo likakhala papepala limeneli anthu adzati anathandizako, pomwe ilo silikufuna dzanja la munthu. Anati avala nsapato tipite limodzi kufakitale, akawauze akapitawo pamaso pa onse kuti kuyambira lero mwini ntchito ndi akazanga."

"Nanga mumaseka chiyani pamene woimbidwa mlandu ankalowa?"

Bwana anagwira m'mphepete mwa bokosi la mboni. "Anati, zaka makumi awiri ndikulimbana ndi kachitsulo, kamwana aka kangokachotsa. Anati akanakhala ndi nzeru akanamuchitira nsanje."

Akapitawo anavula magalasi nkuphimba nkhope ndi chipewa. Madamu, amene sanagwetse msozi chimumangireni, anatulutsa mawu amene sanali kulira kapena kukuwa, ndipo asilikali awiri anachita kumugwira kuti asagwe. Chimene ankachifuna moyo wake wonse chinali chitavala kale nsapato kubwera kwa iye, chinangotsala kuti akhale pansi monga Anachoko anamuuzira.

Woweruza, popereka chigamulo, anati khoti lavomereza kuti mayiyu sanachoke kuntchito ndi cholinga chopha, koma kupsa mtima si chilolezo chochotsera moyo wa munthu amene sanamulakwire. Anadzudzulanso mwamuna wake kuti bodza lonena pofuna kusunga mtendere ndi bodza ndithu, ngakhale lamulo lilibe chilango chake. Anamulamula Madamu kukakhala kundende zaka khumi ndi zisanu, akugwira ntchito yakalavulagaga.

Bwana sanabwererenso kufakitale. Anasiya zonse m'manja mwa mlongo wake, ndipo mlamu uja nzeru za malonda anali nazo. Anaona kuti chikwama chili papepala lija nchabwino kuposa zonse zimene kampaniyo inapangapo. Anaonanso kuti palibe mayi angakoloweke paphewa chikwama chojambulidwa ndi munthu wopha mnzake. Nanga malemu sanamwalire atachinyamula? Akapitawo anadula chikopa chija misozi ikugwera pa magalasi, popanda dontho, koyamba pa moyo wawo.

Madamu anazimva patapita chaka, ali m'chipinda chosokera mayunifomu a akaidi. Msilikali wamkazi amene ankawalondera anali atakhala pakhomo akuwerenga nyuzipepala, ndipo mwadzidzidzi anaomba m'manja.

"Koma abale, anthu ena amabadwa ndi manja! Taonani chikwama ichi, chopanda ndi kachitsulo komwe."

Anatembenuza tsamba kuti akaidi aone. Chithunzi chinadzaza tsamba lonse, lamba akuchokera pansi kuzungulira thupi lonse la chikwama, osafupikitsidwa ngakhale ndi chala chimodzi. Pamwamba pake analemba ndi zilembo zikuluzikulu kuti iyi ndi ntchito yomaliza ya Anachoko, mphatso imene anasiyira dziko asanamwalire.

Madamu anaimitsa makina. "Chimenecho ndinajambula ndine," anatero.

Msilikaliyo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, nkuseka. "Iwe, ulibe manyazi? Munthu unamupha, ukufuna umulandenso ndi chikwama chake chomwe? Tasoka apo, makolala akudikira."

Anthu amaganiza kuti nsanje imachotsa mdani panjira. Sichotsa, imamukhazika pampando umene sadzachokaponso, ndipo wansanjeyo ndi amene amaunyamula mpandowo. Anachoko ali moyo anali okonzeka kuchoka okha. Atamwalira palibenso amene angawachotse, ndipo mboni yokhayo imene anthu akanaikhulupirira kuti chikwama chija ncha Madamu inaphedwa ndi Madamu yemweyo. Anatsegula pakamwa kuti ayankhe, koma anapeza kuti palibe woti amuitane kudzamuchitira umboni. Anaweramitsa mutu, anaika kolala pansi pa singano, nkuponda makina.